Momwe mungagulire kapena kugulitsira nyumba popanda kukathera kukhoti

Anthu ambiri akapita kokaona nyumba yogula, maso amathamangira pa matailosi, mpanda ndi geti. Zimenezo n'zabwino, koma milandu ya nyumba yomwe imafika kukhoti siyambira pa matailosi. Imayambira pa funso lomwe wogula anachita nalo manyazi: kodi amene akundigulitsayu ali ndi mphamvu zogulitsa? Ndondomeko ili m'munsiyi yatsamira pa funso limenelo. Mapepala ayambe, nyumba ibwere pambuyo, ndalama zituluke pomaliza.

1. Dziwani kaye mwini nthaka

Nyumba ikhoza kukhala ya a Uje, koma nthaka yomwe yakhalapo ili ndi mwini wake. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, malo ambiri okhala anthu ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, bungwe la Malawi Housing Corporation lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, kapena khonsolo ya mzinda. A Ujewo amakhala ndi lizi, kutanthauza kuti anabwereka nthakayo kwa nthawi yoikika, kawirikawiri zaka 99, ndipo amayenera kulipira ground rent, lendi ya nthakayo, chaka ndi chaka. Palinso malo a freehold, omwe munthu amakhala nawo popanda malire a zaka, koma ndi ochepa, komanso mapuloti omwe makampani amadula n'kumagulitsa.

Funsani msanga kuti, "Malowa ndi a Lands, a Housing kapena a City?" Yankho lake ndi lomwe likuuzeni ofesi yomwe mukapondeko. Wogulitsa akayamba kuzungulira pa funso lophwekali, mwaona kale chizindikiro.

Kunja kwa malire a mzinda nkhani imasintha, chifukwa kumeneko ndi malo a makolo omwe amayang'aniridwa ndi mafumu. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni woti mudzi ukukudziwani, koma si title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo, ndipo banki siyingailandire ngati chikole. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, komanso njira yolembetsera malowo m'kaundula. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inasinthanso malamulo a malo, n'kukhwimitsa nkhani yogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika za Malawi ndi yogulitsa malo omwe sanatukulidwe. Choncho ngati chomwe akukuonetsani ndi puloti yopanda kanthu kapena ya fawundeshoni yokha, muonane ndi loya musanapereke ngakhale ya chikole.

2. Kafufuzeni nokha ku ofesi

Pemphani fotokope ya title deed kapena ya lizi, ndi ya chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Tengani nambala ya puloti ndi ya title mupite ku ofesi yolembetsa malo ya chigawo chanu, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mukapemphe search. Mumalipira kandalama, iwo amakupatsani pepala losonyeza dzina la mwini malo, zaka za lizi, ndiponso ngati nyumbayo ili pa chikole ku banki kapena wina anaikapo caution, kutanthauza kuti pali amene akuletsa kuti isagulitsidwe. Ikakhala ya Housing kapena ya khonsolo, monga zambiri za ku Ndirande, Chilomoni, Kawale ndi Area 25, kafunseni failo yake ku ofesi zawo.

Pitani nokha kapena tumani loya wanu. Pepala la search lomwe wabwera nalo wogulitsa kapena dobadoba musalikhulupirire. Masiku ano kompyuta imatulutsa chilichonse, ndi chidindo chomwe. Dzina la pa search lifanane ndi la pa chiphaso, ndipo nkhope ya pa chiphaso ikhale ya munthu amene mwakhala naye pa mpandoyo.

Nyumba ya pa chikole imagulika, bola banki idziwe. Banki imalemba kalata yonena ngongole yotsala, gawo la ndalama zanu limapita kukatseka ngongoleyo, kenako banki imamasula mapepala. Chomwe simuyenera kuchita ndi kupatsa wogulitsa ndalama kuti "akawombole yekha".

3. Ndani winanso ali ndi mawu pa nyumbayi?

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha chifukwa mafunso ake amaoneka ngati kulowerera za m'banja la eni.

Ngati wogulitsa ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake adziwe ndipo asaine nawo. Dzina pa title likhoza kukhala la bambo okha, koma mayi amene anasenza madzi ndi njerwa pomanga, kapena amene malipiro ake ankagula simenti, khoti limamumvera. Bambo akamati, "Mayi ali kumudzi, musadandaule, ndine mutu wa banja," ayankheni mwaulemu kuti mudikira mayiwo abwere. Nyumba zina zimagulitsidwa mwachinsinsi banja likamatha, ndipo wogula ndi amene amatsala pakati pa moto.

Nyumba ya masiye ndiye imafuna kudekha kwenikweni. Mwini wake akamwalira, palibe mwana, mlongo kapena malume amene angangodzuka n'kuigulitsa, ngakhale atakhala kuti ndiye akusunga mapepala m'sutikesi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti pakhale munthu wopatsidwa mphamvu zoyendetsa chumacho: ngati panali wilo, khoti limaitsimikiza, ngati panalibe, limapereka makalata otchedwa letters of administration. Chuma china chimayendetsedwa ndi ofesi ya Administrator General kapena ya DC. Onani makalatawo ndi maso anu. Kenako funsani kuti malemuwo anasiya ana angati, kwa amayi angati. Mwana woyamba akhoza kukulandirani bwino, n'kusaina, n'kulandira ndalama, koma pakatha miyezi ingapo mukumva kugogoda pageti: ndi mng'ono wake wochokera ku Joni, kapena ana a kwa mayi ena omwe sanatchulidwe, atanyamula chiletso cha khoti. Njira yabwino ndi yoti onse oyenera kulandira gawo asaine kalata yovomereza, aliyense ndi fotokope ya chiphaso chake.

Wina akamagulitsa m'malo mwa mwini wake amene ali kunja, aonetse power of attorney, kalata yomupatsa mphamvu zogulitsa m'dzina la mwiniyo, ndipo inu muyankhule ndi mwini wakeyo pa foni ya kanema, chiphaso chili m'manja. Inunso amene muli ku Johannesburg kapena ku Leeds ndipo mukugula kudzera mwa achibale, onetsetsani kuti dzina lolembedwa pa mgwirizano ndi lanu. Mawu oti "tingolemba kaye dzina la achimwene, tidzasintha mukadzabwera" adanitsa mabanja ambiri.

4. Tsopano kaoneni nyumbayo bwinobwino

Pitani ndi mmisiri wanu, osati wa wogulitsa. Penti watsopano amabisa zambiri. Yang'anani m'munsi mwa makoma: ngati penti akutukusira kapena pulasitala akufumbutuka mukakanda ndi kiyi, chinyezi chikukwera kuchokera pansi. Ming'alu yopingasa yochokera pa ngodya ya windo kapena chitseko imanena za maziko, ndipo imeneyo si ya thumba limodzi la simenti. Mmisiri akwere m'siling'i ndi tochi akaone ngati chiswe sichinadye mitengo ya denga. Tsegulani mipopi yonse, gwetsani madzi m'chimbudzi, funsani pomwe pali sepitiki thanki.

Nthawi yabwino yoonera nyumba ndi ya dzinja, mvula itangogwa. Mu Okutobala malo aliwonse amaoneka ouma. Anthu a ku Mtandire amaudziwa mtsinje wa Lingadzi ukakwiya, ndipo zomwe zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 palibe amene waiwala. Nyumba ya m'dambo, m'mphepete mwa mtsinje kapena pa phiri lotsetsereka ikatchipa, dziwani kuti yatchipa pa chifukwa.

Funsani mabikoni, zizindikiro zosonyeza malire a puloti. Akakhala kuti sakuoneka, itanani saveya wovomerezeka adzayeze, chifukwa mpanda si malire. Mipanda yambiri inalowa kwa aneba kapena mu msewu. Nyumba yomwe ili pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena m'malo osiyidwira msewu ikhoza kudzagwetsedwa. Funsaninso ngati pulani yake inavomerezedwa ndi khonsolo.

Mukatero, bwereraninso tsiku lina muli nokha, mukacheze ndi aneba, mayi wogulitsa tomato pakona, ndi amfumu kapena block leader wa deralo. Safunsa anadya phula. Anthu amenewa ndi amene angakuuzeni kuti, "Nyumba imeneyi inagulitsidwa kale chaka chatha," kapena kuti madzi amatuluka usiku wokha.

5. Ngongole zobisika

City rates ku khonsolo, ground rent kwa mwini nthaka, bilu ya madzi, ndi ya magetsi. Wogulitsa abweretse masitetimenti a zonsezi. Ngakhale mita ikhale ya mayunitsi, ikhoza kukhala ndi ngongole yakale yomwe imadulidwa nthawi iliyonse mukagula. Zotsala zonse zilipidwe ndi wogulitsa, apo ayi zichotsedwe pa mtengo.

6. Mtengo ndi madobadoba

Mtengo wa pa Facebook ndi wa pakamwa chabe. Kawirikawiri nyumba imodzi imakhala ndi madobadoba angapo, aliyense atawonjezerapo yake, moti mukhoza kuiona pa mitengo itatu yosiyana tsiku limodzi. Sindikunena kuti onse ndi akuba. Ena amadziwadi makwalala ndipo amakupulumutsani ku maulendo. Koma ntchito yawo ithere pokukumanitsani ndi mwini nyumba. Za mtengo mukambirane ndi mwini wake, ndipo dobadoba asagwire ndalama ya nyumba ngakhale pang'ono. Amene akukana kukuonetsani mwini wake, musiyeni. Chimodzimodzi amene akuti, "Pali wina akubwera ndi kashi mawa, perekani lero."

Pa nyumba ya ndalama zambiri, lipirani katswiri wovomerezeka woyeza mitengo ya nyumba akupatseni lipoti. Mukafuna ngongole ku banki adzalifunabe lipotilo. Ndipo powerengera thumba lanu musaiwale kuti chiwongoladzanja cha mabanki m'zaka zapitazi chakhala chopitirira 20 peresenti, komanso kuti pamwamba pa mtengo pali ndalama ya loya, ya saveya, ndi stamp duty, msonkho wa boma wa posintha umwini, yomwe kwa zaka zambiri yakhala 1.5 peresenti ya mtengo wa nyumba.

7. Mgwirizano ndi kalipiridwe

Mgwirizano ulembedwe ndi loya yemwe ali ndi chilolezo cha chaka chimenecho. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wawo. Loya akhale wanu. Wa wogulitsa amateteza wogulitsa.

M'kati mwake mulembedwe maina ndi manambala a ziphaso, nambala ya puloti, mtengo, masiku olipira, tsiku lolandira makiyi, yemwe alipire chiyani, ndi zomwe zichitike wina akabwerera m'mbuyo. Lembaninso zotsala m'nyumba: giza, thanki ya madzi, masola, makabati a kukhitchini. Anthu ena posamuka amazula ndi mababu omwe. Ngati m'nyumbamo muli anthu a lendi, mgwirizano unene tsiku lomwe atuluke kapena kuti lendi iyamba liti kubwera kwa inu.

Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa title, kapena ku akaunti ya loya yosungira ndalama za makasitomala. Ndalama za m'chikwama sizisiya mapazi. Perekani gawo loyamba posaina, lotsalalo lidikire mpaka mapepala osinthira umwini atasainidwa ndipo title yeniyeni yaperekedwa.

8. Sinthani dzina

Makiyi si umwini. Pa malo a lizi pamafunika chilolezo cha mwini nthaka, kaya ndi Unduna, Housing kapena khonsolo, chovomereza kuti lizi isamukire kwa inu. Pamafunikanso satifiketi ya MRA yosonyeza kuti wogulitsa alibe mangawa a msonkho. Zikapezeka izi, loya amalipira stamp duty n'kukalembetsa, ndipo dzina lanu limalowa m'kaundula. Zimatenga nthawi ndipo zimatopetsa, n'chifukwa chake ambiri amangolowa m'nyumba n'kuiwala. Koma dzina likakhalabe la mwini wakale, iye akhoza kuikanso nyumbayo pa chikole, kuigulitsa kwa wina, kapena kumwalira n'kukusiyani mukukangana ndi ana ake. Zikatha, kachiteninso search kuti muone dzina lanu, kenako musinthe maina ku khonsolo, ku ESCOM ndi ku Water Board.

Kwa inu ogulitsa

Zonse zili pamwambazi zitembenuzeni: konzani mapepala musanalengeze. Lipirani ma rates ndi ground rent, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, ndipo ngati ndi ya masiye yambani mwatenga makalata a khoti. Nyumba ya mapepala oyera imayenda msanga ndipo wogula sapeza ponenerera. Konzani podontha, tchetchani pabwalo, koma musawononge ndalama pomanga zatsopano zomwe wogula akazigwetse. Kafunseni ku MRA ngati pali msonkho wa phindu womwe ukukukhudzani, kuti usadzakudzidzimutseni ndalama mutagawa kale.

Sankhani ejenti mmodzi kapena awiri, mulemberane za komishoni yawo musanayambe. Title yeniyeni isachoke m'manja mwanu. Ofuna kuona apatseni fotokope.

Chenjerani ndi wogula wolipira pang'onopang'ono. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anagulitsa nyumba miyezi imeneyo isanafike n'kulola kuti azilandira mwapang'onopang'ono, ndalama yomaliza inawapeza simenti ndi malata zitakwera kale. Ngati mwalola zimenezi, nthawi ikhale yaifupi, ilembedwe, ndipo mgwirizano unene chochitika wogula akachedwa. Musapereke makiyi chifukwa cha uthenga wa pa foni kapena chithunzi cha risiti ya ku banki. Funsani banki yanu ngati ndalamazo zalowadi, ndipo ikakhala cheke, dikirani mpaka itasinthidwa.