Momwe mungakonzekerere opaleshoni yogonetsedwa ndi mpweya

Munthu akauzidwa kuti achitidwa opaleshoni, timaganiza kuti akuopa mpeni. Koma funso limene abale athu a ku Mbare, Mufakose ndi Epworth, madera a ku Harare kuno ku Zimbabwe, amanong'onezana pa benchi ya chipatala ndi lakuti, "Kodi akandigoneka ndidzadzukanso?" Mankhwala ogonetsa amene munthu amachita kupuma, monga halothane, isoflurane ndi sevoflurane, si achilendo ayi. Halothane anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1956. Akakhala m'manja mwa munthu amene anaphunzira ntchitoyo, ndi odalirika. Komabe pali mbali imene ili yanu, inu wodwala kapena inu womudikirira, ndipo imayamba musanafike n'komwe ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni.

Choyamba, lankhulani ndi wogonetsa ndipo musamubise kanthu. Iyeyu ndi wosiyana ndi dokotala wong'amba uja. Kaya muli ku chipatala cha Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kumene ambiri timangoti ku Gomo, kapena chipatala cholipira, pemphani kuonana naye tsiku lisanafike. Ngati wodwala ndi agogo amene Chishona cha kuchipatala ndi Chingerezi zimawapita pambali, mdzukulu akhalepo womasulira, ndipo agogowo asasaine kapena kudinda chala papepala la chilolezo asanamvetse.

Muuzeni za BP, shuga, mphumu, khunyu, matenda a mtima ndi TB. Nyamulani mabotolo a mankhwala onse amene mumamwa, ma ARV omwe, komanso ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin ndi aspirin. Zitsamba zimene munapatsidwa kwa sing'anga nazo zinenedwe. Mowa, fodya, chamba, mankhwala ozunguza bongo monga bronco kapena mutoriro, nenani mosachita manyazi. Wogonetsa si wapolisi, akungofuna kudziwa mmene mtima ndi mapapo anu zichitire akakupatsani mankhwala. Mayi amene akuganiza kuti mwina waima anene. Amene amaliza mkonono kwambiri, kapena ali ndi dzino logwedera, anenenso.

Pali funso limodzi limene ndikupemphani kuti mulifufuze ndithu, ngakhale zitafuna kuimba WhatsApp kumudzi ku Mangochi kapena ku Machinga: kodi pamtundu panu alipo amene anamwalira kapena kudwala mwakayakaya ali mtulo ta opaleshoni? Kuli vuto lina losowa lotchedwa malignant hyperthermia, limene limayenda m'magazi a pabanja. Munthu wotero akapuma mpweya wogonetsawu, minofu imauma gwa, mtima umathamanga, thupi limatentha modetsa nkhawa. Ife amene makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, mbiri ya kwathu inaduka pakati. Imfa ya amalume mwina inangonenedwa kuti analodzedwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Funsani azakhali kuti zinayenda bwanji. Wogonetsa akadziwiratu amapewa mpweyawo, n'kugwiritsa ntchito mankhwala a mu dripu okha monga propofol, kapena jakisoni wa pamsana ngati opaleshoniyo ikulola, ndipo amaonetsetsa kuti mankhwala othana ndi vutoli, dantrolene, ali pafupi. Chimodzimodzinso nenani ngati munachitapo chikasu m'maso pambuyo pa opaleshoni ina: halothane nthawi zina amavulaza chiwindi, makamaka akabwerezedwa pasanapite nthawi yaitali.

Chachiwiri, m'mimba mukhale mopanda kanthu. Munthu akagonetsedwa, kukhosi sikudziteteza. Sangatsokomole kapena kumeza. Zimene zili m'mimba zitha kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo asidi wa m'mimba amawotcha mapapowo. N'chifukwa chake mumauzidwa kusiya chakudya maola 6 nthawi ya opaleshoni isanakwane, ndipo ngati ndi nsima ya nyama yonona, maola 8. Khanda loyamwa limasiya bere maola 4. Madzi oyera okha amaloledwa kufikira kutatsala maola 2, pokhapokha chipatala chitakuuzani zina, ndiye mutsate zimenezo. Mahewu, thobwa, phala ndi tiyi wothira mkaka ndi chakudya, si madzi.

Apa ndi pamene chifundo chimapweteketsa. Mwana walira kuyambira mbandakucha, milomo yauma, akuloza chikwama mmene muli buledi, ndipo mzere wa ku fiyeta sukuyenda. Mayi mtima umasweka, n'kumupatsa timasipuni tiwiri ta phala anamwino atatembenuka. Mayi anga, pirirani. Mberekeni, muyendeyende naye pakhonde, ndipo ngati nthawi yatalika funsani anamwino ngati angamwe madzi pang'ono kapena kuikidwa dripu. Zikachitika kuti wadya, ululani. Kusuntha opaleshoni ndi maola ochepa n'kopweteka, makamaka mutadikira miyezi, koma n'kwabwino kusiyana ndi kuti mwana atsamwe ali mtulo.

Funsaniponso kuti ndi mapiritsi ati amene mumwe mmawa wa tsikulo. Ena amamwedwa ndi kamadzi pang'ono, a shuga kawirikawiri amasinthidwa chifukwa simukudya. Musasankhe nokha. Mwana akadzuka ndi chimfine, chifuwa kapena kutentha thupi, nenani, poti njira ya mpweya yotupa kale imatha kutsekeka akapuma mankhwalawa.

Mmawawo sambani, chotsani mano oikirira, mphete, ndolo ndi mikanda. Fufutani penti wa m'zikhadabo, chifukwa kachipangizo kopana pachala kamayeza okosijeni wa m'magazi pounika kudutsa pachikhadabo. Akakufunsani dzina kangapo, ndi mbali imene akung'ambe, musakwiye. Akutsata ndondomeko yotetezera odwala imene bungwe la WHO linatulutsa mu 2008.

Mu fiyeta, munthu wamkulu amayamba wapuma okosijeni pa masiki, kenako mankhwala amalowa mu dripu, tulo n'kubwera mphindi imodzi isanathe. Mpweya wogonetsa ndiwo umapitiriza tulo timeneto, ukudutsa pa makina amene amayeza mlingo wake, nthawi zambiri kudzera m'kapaipi ka kukhosi. Ana ang'ono nthawi zambiri amagonetsedwa ndi masiki yomweyo, ndipo sevoflurane ndiye amakondedwa poti sakanda kukhosi. Mukaloledwa kulowa ndi mwana wanu, mudzaona akuphiriphitha pang'ono, maso akutembenuzika, kenako thupi lonse lefu. Ndi mmene zimakhalira. Wogonetsa amakhala kumutu kwa wodwala mpaka mapeto, akuyang'anira mpweya, mtima ndi BP.

Opaleshoni ikatha amatseka mpweya uja, ndipo umatuluka m'thupi munthu akamapuma. Nseru, kunjenjemera, zilonda za kukhosi ndi kubwebweta zimachitika ndipo zimatha. Inu odikirira, mugonekeni chammbali ngati bala likulola, ndipo musamupatse chakudya kapena madzi anamwino asananene. Thamangani kukawaitana mukaona akupuma mobanika, milomo kapena lilime zikuda, kapena sakudzuka mukamugwedeza.

Amene watulutsidwa tsiku lomwelo asakwere kombi yekha. Kwa maola 24 asayendetse galimoto, asamwe mowa, asaphike pamoto ndipo asasaine mapepala a ndalama, chifukwa mutu umakhala usanabwerere bwinobwino ngakhale iye akuona ngati ali bwino. M'masiku otsatira, maso akachita chikasu, thupi likatentha, kapena akamatsokomola ndi phuma, bwererani kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani. Musanachoke mu wodi, pemphani kuti dzina la mankhwala amene anamugonetsera, ndi vuto lililonse limene linaoneka, zilembedwe m'khadi lake la chipatala, ndipo mukadzapitanso ku opaleshoni ina mudzalinyamule.