Momwe mungazindikirire nkhondo yachibisira ikafika pa foni yanu

Masiku ano dziko likhoza kuukira linzake popanda kulengeza nkhondo. Limasakaniza mabodza a pa intaneti, kuthyola makompyuta a boma ndi kutsekereza njira za malonda, kenako n'kukana kuti si ilo. Imeneyi ndiyo nkhondo yachibisira. Mu 2014 ku Crimea, chigawo cha Ukraine, kunatulukira asilikali ovala yunifomu yopanda chizindikiro, ndipo Russia inavomera pambuyo pake kuti anali ake. Mu Disembala 2015 anthu othyola makompyuta anathimitsa magetsi m'madera ena a Ukraine, iwo ali kutali. Ife a ku Dedza ndi Ntcheu, malire ali pakhomo, tisamati zimenezi n'zakutali.

Choyamba, mverani mtima wanu musanakhudze batani lotumizira. Uthenga wa mawu ukafika pa gulu la WhatsApp kuti zigawenga zalowera ku Biriwiri, kapena kuti chipata cha Dedza chatsekedwa, dzifunseni: akulankhulayu ndi ndani, ali kuti, ndipo wanena tsiku liti? Uthenga wopangidwira kusokoneza nthawi zambiri sutchula dzina kapena tsiku, umangokuuzani kuti "tumizani msanga". Apa ndi pamene ndimadera nkhawa kwambiri, chifukwa tinaziona kale. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena akummwera. Sindikunena kuti zinachokera kunja, koma aliyense wofuna kutisokoneza anaona kuti bodza limayaka msanga pakati pathu.

Chachiwiri, funsani amene ali pamalopo. Ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Wogulitsa kachewere tsidya lino amaona bwinobwino mnzake wa kabichi tsidya la Mozambique. Muimbireni foni, kapena funsani dalaivala amene wadutsa kumene, kenako dikirani nkhani za pa wailesi.

Chachitatu, siyanitsani malo. Zigawenga za ku Cabo Delgado zinayamba kuukira mu Okutobala 2017, koma dera limenelo lili kumpoto chakum'mawa kwa Mozambique, kutali ndi Angonia amene tayandikana naye. Chithunzi chakale cha ku Cabo Delgado asakupusitseni nacho kuti n'cha ku Tsangano.

Chachinayi, tsatani chimene chakweza mitengo. Feteleza anakwera kwambiri nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022, ndipo mafuta athu ambiri amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Wodziwa zimenezi sangamunamize kuti mavuto onse abwera ndi anthu a mtundu wakutiwakuti kapena alendo.

Chomaliza, tsekani khomo lanu. Mu 2024 boma la Malawi linalengeza kuti makina opangira mapasipoti anathyoledwa ndipo othyolawo anafuna dipo, anthu n'kukhala milungu osalandira mapasipoti. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musauze munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani. Uthenga woopseza kapena wolimbikitsa chiwawa ujambuleni, mukauonetse kupolisi kapena ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti. Lamulo la mu 2016 lokhudza chitetezo cha pa intaneti limalola kuzenga mlandu otumiza mauthenga oterewa.