Musanawonjezere printk mu dalaiva ya kamera, yatsani dev_debug

Ambiri kamera ikavuta pa Linux amathamangira kudzaza printk (lamulo lolembera mauthenga a kernel) mu dalaiva n'kukonzanso kernel yonse, chonsecho V4L2, gawo la kernel loyendetsa makamera ndi zipangizo zina za vidiyo, ili kale ndi njira yoonera zimene zikuchitika. Chipangizo chilichonse chili ndi fayilo yake, mwachitsanzo /sys/class/video4linux/video0/dev_debug. Lembanimo nambala muli root (woyang'anira kompyuta yonse), kenako muwerenge mauthenga a kernel ndi dmesg.

Nambalayo ndi ya ma bit, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. 0x01 imalemba dzina la ioctl (pempho limene pulogalamu imatumiza kwa dalaiva) ndi cholakwika chimene yabweza, 0x02 imaonetsanso zimene pulogalamu yatumiza, 0x04 ndi ya open, release ndi mmap. Yambani ndi 3, kutanthauza 0x01 ndi 0x02 pamodzi. Musadabwe VIDIOC_QBUF ndi VIDIOC_DQBUF, ma ioctl amene amaitanidwa pa chithunzi chilichonse, zikapanda kuoneka, zimadikira 0x08, ndipo olemba kernel anachita dala. Kamera yotulutsa zithunzi 30 pa sekondi imadzaza dmesg mwakanthawi kochepa, mzere umene mumafunawo n'kukwiririka. Mukamaliza bwezeranimo 0.

Fayilo ya dev_debug kale inkatchedwa debug, choncho script yakale ikalephera, yambani mwaona dzinalo.

Kwa inu amene mukulemba dalaiva, ndikupempheni kuti zoyesera zanu muziike mu debugfs, malo a kernel osungira zofufuzira zolakwika, osati mu sysfs, mmene muli mafayilo ngati a /sys/class aja. Zimene zalowa mu sysfs anthu amazidalira, ndipo kuzisintha pambuyo pake kumawaonongera mapulogalamu. Mu debugfs mulibe lonjezo lotero. Ngati mukufuna kuwerenga ma register (timalo tosunga makonzedwe mkati mwa chipangizo) ndi pulogalamu ya v4l2-dbg, kernel iyenera kukhala ndi CONFIG_VIDEO_ADV_DEBUG, ndipo polembamo samalani kwambiri, chifukwa mukukhudza chipangizo chenichenicho.