Mwagula galimoto kwa dila ndiye yayamba kuvuta? Musathamangire kumasula injini

Ambirife kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu galimoto timakagula ku Lilongwe kapena ku Blantyre, m'mayadi muja amandandalika ma Sienta, ma Probox, ma Vitz ndi ma Freed ochoka ku Japan atawapukuta mpaka matayala kuwala. Mukaiyesa m'tauni kamtunda kochepa zonse zimakhala bho. Koma M1 yathuyi ndi ya zitunda, mukangodutsa pa Linthipe kuyamba kukwera kubwera pa boma, kapena muitsitse ku Golomoti kudzera pa Khwekhwerere n'kudzakweranso, galimoto imaulula yokha, kutentha, giyabokosi kunjenjemera, utsi woyera kumbuyo. Mukaimba foni dila uja amangoti bwana munasaina nokha kuti mwaitenga mmene ilili, katundu akatuluka pano sabwerera.

Mawu amenewo asakufooketseni. Malawi muno tili ndi Consumer Protection Act ya 2003, tili ndi Sale of Goods Act, komanso Competition and Fair Trading Act yatsopano ya 2024 yomwe inalowa m'malo mwa ya 1998 ija. Munthu amene bizinesi yake ndi yogulitsa magalimoto saloledwa kukunamizani za katundu wake, ndipo sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka pongolemba kachiganizo pansi pa lisiti. Komano apa tiuzane zoona, galimoto yakale ndi yakale. Mabuleki kutha, batire kufooka, mashoko kulira pa msewu wa ku Tsangano, zimenezo palibe angakumvereni, makamaka ngati zinali zinthu zoti mukanaziona pomwe mumaiyang'ana muja. Nkhani yanu imakhala ndi mphamvu ngati vutolo linalipo kale ndipo linabisika kapena analibisa dala, kapena anakuuzani chinthu chabodza, monga chaka chomwe inapangidwa, mayileji, kapena kuti sinachitepo ngozi pomwe chesisi inawotcheredwa.

Ndiye tsiku lomwe yavutalo, iimikeni. Ndikudziwa ena mwaigula kuti izithamanga taxi pa Dedza-Lilongwe kapena kunyamula mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu ndipo ngongole ikudikira, koma mukapitiriza kuyendetsa ikutentha mpaka injini kunoka, dila adzati mwaipha ndinu ndipo pamenepo zidzavuta kumutsutsa. Jambulani dashibodi magetsi akuyaka, jambulani mayileji, tengani kavidiyo ka utsi kapena phokosolo. Kenako mulembereni dila tsiku lomwelo pa WhatsApp, osangoimba foni ayi chifukwa zoyankhula pa foni mawa amazikana. Mwachidule basi, bwana galimoto nambala yakuti yomwe ndinagula kwa inu tsiku lakuti yayamba kutentha ndi kutaya madzi lero pa malo akuti, ndaiimika, ndikufuna mubwere muione. Kufulumiraku n'kofunika chifukwa pa malamulo ogulitsana katundu, mukakhala nacho chinthu nthawi yaitali osanena kuti mwachikana zimatengedwa kuti mwachivomera, zikatero zobweza galimoto n'kutenga ndalama zonse zimavuta, mumangotsala ndi zomenyera ndalama zokonzetsera.

Pomwe ambiri timataya mlandu ndi kwa amakaniko. Galimoto ikangovuta timathamangira kwa achimwene athu a pagalaja, iwo mwachikondi amamasula hedi ya injini, kuchotsa ichi kuika icho, pofika madzulo injini ili mbwee pa chiguduli. Dila akabwera amangoseka, amati ine ndinakugulitsani yathunthu, awa ndi amene aononga. Makaniko aione inde, koma asamasule kalikonse dila asanapatsidwe mpata. Pali zambiri zoti angaone osagwira sipanala. Atsegule kachivindikiro ka oyilo, ngati mkati muli zoyerayera zonga tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa mu oyilo, kawirikawiri ndi gasiketi. Injini itazizira aone ngati mu rediyeta mukutuluka thovu akailiza. Atembenuze kiyi osaliza, kagetsi ka check engine kakuyenera kuyaka kaye kenako n'kuzima injini ikalira, ngati sikakuyaka n'komwe mwina wina anakathimitsa dala kuti musaone. Aike pa kompyuta ya diagnosis ndipo zomwe yaonetsazo mujambule. Za mayileji fufuzani timapepala ta sevisi tomwe a ku Japan amamata pa chitseko kapena pafupi ndi injini, mumapeza kasitika kakuti oyilo anasinthidwa pa 140,000 km pomwe dashibodi ikuti 70,000, umenewo ndi umboni wonona kwabasi. Chaka chake yerekezani ndi kachikwangwani kosokerera pa lamba wa mpando ndi chesisi namba. Pomaliza makanikoyo alembe lipoti papepala, tsiku, zomwe wapeza, maganizo ake ngati vutolo ndi lakale, asaine ndipo ngati ali ndi chidindo adinde. Ngati n'kotheka akhale wa galaja yodziwika osati msuweni wanu, kuti asadzati mwapangana.

Mapepala sonkhanitsani onse mu envulopu imodzi, agrimenti, lisiti, umboni wa ku banki kapena mameseji a Airtel Money ndi Mpamba, blue book, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), mapepala a MRA ngati ndi yongolowa kumene. Chomwe ambiri amaiwala ndi malonda aja anaika pa Facebook, pomwe analemba kuti injini ndi giyabokosi zili bwinobwino, low mileage, accident free. Tengani sikirinishoti lero lomwe chifukwa akangomva kuti mwayamba kudandaula positi ija imasowa. Ma voisi noti nawonso musafufute.

Akayamba zozembazemba, mawa mawa, abwana apita ku Dar es Salaam, lembani kalata yeniyeni. Munene chomwe mukufuna chimodzi momveka, kaya akonze ndi ndalama zawo, kaya akusinthireni ina, kaya akubwezereni ndalama mubweze galimoto, ndipo muwapatse masiku, sabata imodzi kapena ziwiri ndi zokwana. Kalatayo ikhale makope awiri, ina asaine kuti alandira, akakana kusaina ijambuleni muitumize pa WhatsApp pomwepo. Maganizo anga ndi akuti ngati vuto ndi lokonzeka ndipo avomera kugula giyabokosi ina n'kulipira makaniko, landirani, bola zilembedwe kuti aika chani, pofika liti, ndipo ikavutanso zidzatha bwanji. Kukakamira ndalama zonse pa vuto laling'ono kumangokutayitsani miyezi galimoto ili pa mawe. Koma ngati anakunamizani chaka kapena mayileji, kapena injini inali yakufa kale, apo musanyengereredwe ndi kagaloni ka oyilo. Mukawasiyira galimoto pa yadi pawo alembe kuti ailandira, mayileji ake ndi zomwe zilimo, ena amapeza batire ndi sipeya zasinthidwa.

Zikakanika pitani ku Competition and Fair Trading Commission, a CFTC, likulu lawo lili ku Lilongwe, kwa ife a ku Dedza ndi ulendo wopita n'kubwerako tsiku lomwelo. Simufunika loya kuti mukadandaule, mumangofotokoza nkhani yanu molemba n'kuphatikiza makope a maumboni aja, ma orijino sungani nokha. Iwo amafufuza, amamufunsa wogulitsayo mbali yake, ndipo lamulo la 2024 lija linawapatsa mphamvu zolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso kulipiritsa chindapusa. Sizitha sabata imodzi ayi, muzilondola. A CAMA, bungwe loimira anthu ogula lija, nawonso amathandiza ndi upangiri ndi kukankha nkhani. Khothi ndiye njira inayo, yambani mwafunsa kalaliki wa pa khothi la majisitireti pa boma ngati ndalama zomwe mukufunazo zili mu mphamvu zawo, chifukwa mitengo ya galimoto masiku ano ndi mamiliyoni ambiri ndiye nkhani ina imayenera kupita ku High Court. Ngati za loya zakukulirani kafunseni ku Legal Aid Bureau.

Za kupolisi, ambiri timathamangirako kuti akamutsekere aone polekera, koma giyabokosi kufa si mlandu wa polisi, akakuuzani kuti ndi nkhani ya pakati pa inu awiri. Kupolisi pitani ngati mapepala ndi achinyengo, chesisi namba sikugwirizana ndi blue book, ku Road Traffic akukana kusintha umwini chifukwa galimotoyo ili ndi mwini wake wina, kapena mukukayika kuti ndi yobedwa. Poti tili m'malire ndi Mozambique, pa Dedza border apa ndi pa Biriwiri, za galimoto yolowa osalipira msonkho musazitenge mwachibwana, a MRA akaigwira amalanda kwa amene ali nayo.

Ndipo onetsetsani kuti mukulimbana ndi munthu woyenera. Nthawi zambiri amene anakuonetsani galimoto, kukusekererani, kukuperekezani mpaka pa filling station ndi dobadoba chabe wongodyapo yake. Yang'anani dzina lomwe lili pa agrimenti ndi akaunti yomwe munaikamo ndalama, kalata yanu ndi dandaulo lanu zipite kwa ameneyo, dobadobayo mungomutchula ngati mboni ya zomwe munalonjezedwa. Ngati mukulipira pang'onopang'ono musangosiya kulipira mwakachetechete, angakutembenuzireni kuti mwaphwanya pangano ndinu, lembani kaye kuti ndalama yotsalayo mwaiimika chifukwa chakuti n'chakuti, ndipo musanatero funsani wodziwa malamulo aone zomwe munasaina zija.