Mayendedwe achikazi amayambira kumapazi, chiuno chimangotsatira

Achemwali, inu amene munabadwa akukutchulani mwamuna koma mumadzidziwa kuti ndinu mkazi, ndi inunso amene mumavala zachikazi mwa apo ndi apo, kaya pa zisudzo kaya kuchipinda kwanu mutadzitsekera, choyamba ndikupempheni kuti musiye kudikula. Pafupifupi aliyense amene amabwera kuti ndimuone mayendedwe amayamba n'kuponya matako uku ndi uku ngati ali m'bwalo la chioda. Mkazi wopita kumsika sayenda choncho. Tsiku lina mudzakhale pakhonde la golosale pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi, mudzaone amayi akuwoloka Shire ndi mabeseni a usipa pamutu. Chiuno chawo chimagwedezeka ndithu, koma sachita kuchigwedeza. Chimapita kumene mapazi achitengera.

Ine ndine telala, ndipo ndine mmodzi wa inu. Ntchito yanga imandichititsa kuyang'ana mmene nsalu imagwera pathupi munthu akamayenda, ndiye zimene ndikunenazi n'zimene ndimaona tsiku ndi tsiku. Koma si ine ndekha. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri ena ankamangirira timagetsi pamapewa, pazigongono, m'chiuno, m'mawondo ndi mu akakolo a munthu, n'kumujambula akuyenda mumdima. Oonera sankaona nkhope kapena zovala, ankangoona timadontho towala, koma kawirikawiri ankadziwa kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Chimene chimasiyanitsa kwambiri n'chakuti mwamuna amapendeketsa mapewa, zigongono zili panja, pamene mkazi mapewa amakhala chete, zigongono zili pafupi ndi nthiti, ndipo kugwedezeka kumakhala kumunsi. Choncho ntchito yanu yaikulu ndi yochotsa zimene thupi linazolowera. Zowonjezera n'zochepa.

Yambani ndi kuona mapazi anu. Kuno tili ndi mwayi wa mchenga. Lawirirani kunyanja anthu asanachuluke, kaya ndi ku Makawa kaya ku Namiasi, muyende pamchenga wonyowa mmene mumayendera masiku onse, kenako mucheuke. Ambiri a ife amene tinakulira pakati pa anyamata timasiya mizere iwiri yotalikirana, zala zitaloza kunja. Uko ndiko kutang'adza, ndipo ndi kumene kumachititsa kuti thupi lonse lizipendekera kumanja kenako kumanzere, mapewa akutsogolera. Tsopano jambulani mzere umodzi ndi kamtengo. Muyende moti mbali ya mkati ya chidendene chilichonse izikhudza mzerewo, zala zitaloza kutsogolo. Musapingasitse miyendo monga amachitira atsikana a mpikisano wa chiphadzuwa. Ayendewo ndi a pansanja, ndipo mumsewu wa ku Mpondasi aliyense adzakucheukirani. Ngati kunyanja simungapite, mzere wa makala pasimenti ya m'nyumba umagwira ntchito yomweyo.

Mapazi akayandikana chotere mudzamva chinthu chachilendo: mukaponda ndi mwendo wamanja, chiuno chimasunthira pang'ono kumanja kuti thupi lisagwe, ndipo mbali yamanzere imatsika pang'ono. Kugwedezeka kumene mumakufuna kuja ndi kumeneku. Musakuwonjezere. Ingolekani kukuletsa. Vuto la ambiri ndi lakuti msana wam'munsi ndi wouma, makamaka amene anapalasapo kabaza kapena bwato, kapena kusenza matumba kumsika. Imani ndi mwendo umodzi mutagwira khoma, mulole mbali inayo ya chiuno itsike, kenako muikweze, kakhumi mbali iliyonse. Mukatero gwadani ndi bondo limodzi, mwendo wina uli kutsogolo, mukankhire chiuno kutsogolo mpaka mumve kukoka pamwamba pa ntchafu. Ngati muli ndi mikanda ya m'chiuno, ivaleni poyeserera. Mukamayenda bwino mudzaimva ikutsetsereka pang'onopang'ono pakhungu. Ikayamba kudumpha ndiye kuti mwayambanso kuvina.

Mphunzitsi wabwino kuposa ine ndi chitenje. Chimangeni mmene amamangira amayi, chifike mu akakolo, chigwire bwino m'ntchafu, kenako muyende kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini. Sichingakuloleni kutaya mwendo patali. Sitepe imafupika yokha, ndipo kuti mufike msanga mudzayamba kuponda pafupipafupi. Mayendedwe a amayi a kuno anaumbidwa ndi nsalu imeneyi. Paja lamulo la kavalidwe la 1973, nthawi ya Kamuzu, linkaletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi aafupi mpaka pamene linathetsedwa mu 1993, ndipo kuno ku Mangochi, kumene Asilamu ndi ambiri, zovala zofika pansi sizinachoke ngakhale lamulolo litatha. N'chifukwa chake makanema a pa YouTube a azungu ovala majini othina ndi gogoda sangakuthandizeni kwenikweni. Akuphunzitsani kuyenda kwa ku London pamene inu mukupita kuchigayo.

Kaponderedwe kanso. Chidendene chizifika pansi mofewa, thupi n'kugudubuzika mpaka kuzala, bondo losaumitsa. Valani masilipasi mumvetsere. Mukamva khwe khwe ndiye kuti mukukhwekhwereza, mukamva di di ndiye kuti mukuponda ngati wa beni.

Tsopano kumtunda. Apa ndimakonda nkhata ndi ndowa, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene zinthu zimasintha msanga. Mtsikana wa kumudzi amayamba kusenza madzi ali wamng'ono, ndipo katundu wa pamutu amamuphunzitsa zinthu zitatu nthawi imodzi: khosi kuwongoka, mapewa kukhala chete, ndi chiuno kulandira kugwedezeka konse kuti madzi asakhavukire. Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 1986 anapeza kuti amayi achiluo ndi achikikuyu ku Kenya amasenza katundu wofika 20 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwononga mphamvu zoposa zimene amawononga akamayenda chimanjamanja. Luso limenelo silili m'magazi ayi, amachita kuphunzira, ndipo inunso mukhoza. Koma musayambe ndi ndowa ya malita 20, chifukwa amenewo ndi makilogalamu 20 pakhosi losazolowera. Pindani chitenje chakale chikhale nkhata, muike kabeseni kokhala ndi madzi malita awiri kapena atatu, mugwirize ndi dzanja limodzi, muyende pamzere wanu uja. Madzi akamatayika, mapewa anu akupendekabe. Akasiya kutayika, tulani beseni muyende ngati likadali pamutu. Maso aziona kutsogolo, chibwano chisaloze kumwamba. Ambiri timayenda titazolika chifukwa cha mantha kapena pofuna kubisa kutalika, koma kuzolika kumakulitsa mapewa, ndipo munthu wozolika amaoneka ngati ali ndi chimene akubisa.

Mapewa atsitseni, muwabwezere kumbuyo pang'ono, osati motulutsa chifuwa ngati msilikali. Zigongono zizikhudza m'mbali mwa bulauzi. Mkono uzigwedezeka kuyambira pachigongono kutsika, phewa lisamatsatire. Zala zimasuke, zibakera ayi. Ndipo chonde, dzanja lolendewera lija, lothyoka pamfundo, lisiyeni. Ndi limene anyamata amachita akafuna kutinyoza, ndipo sindinaonepo mayi akupita nalo kumjigo. Ngati manja akukusowetsani mtendere, apatseni ntchito: chikwama paphewa, jumbo ya tomato, kapena kugwira nsonga ya mpango.

Za nsapato ndinene mwachidule. Gogoda imafupikitsa sitepe ndipo imakankhira thupi kuzala, n'chifukwa chake ambiri amaithamangira. Koma mumchenga imatitimira, ndipo m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala mapazi amatupa moti simungafike nayo patali. Phunzirani kaye opanda nsapato, kenako zafulati. Mukafuna yokwera, yambani ndi ya chidendene chachikulu, chosapitirira masentimita 5. Pakaunjika masaizi achikazi a 42 kupita m'tsogolo amavuta, ndiye mukaipeza yokukwanani musaisiye. Yesani madzulo mapazi atatupa kale. Nsapato yothina imakuyendetsani motsimphina, ndipo palibe luso limene lingabise zimenezo.

Galasi limanama, chifukwa mukamadziyang'ana mumadzikonza. Imikani foni pampando, mudzijambule kuchokera kumbuyo ndi cham'mbali. Onerani, muone chinthu chimodzi chokha choti mukonze tsiku limenelo, kenako mufufute kanemayo nthawi yomweyo. Musatumizire munthu pa WhatsApp, ngakhale mnzanu wapamtima. Mafoni amabedwa, amabwerekedwa, amapita kwa okonza, ndipo alipo anzathu amene amalipiritsidwa ndalama ndi anthu owaopseza kuti awaulula.

Kuyenda kuli ndi abale ake, ndipo kawirikawiri munthu amadziwikira pamenepo. Mukaima, kulemera kwa thupi kukhale pamwendo umodzi, mapazi ali pafupi. Mukagwetsa kanthu musanjute mawondo ali uku ndi uku, koma muwerame kapena mutsike mawondo ali pamodzi. Pamphasa tambalalani miyendo itagundana, kapena muipinde mbali imodzi, chitenje mutachikokera pakati. Pakabaza, mutavala chitenje, khalani cham'mbali: yambani mwatembenukira kumbali, mukhale, kenako munyamule mapazi onse awiri. Yeserani pampando kunyumba, chifukwa koyamba njinga ikanyamuka thupi limafuna kugwera chagada. Polandira chinthu kwa akuluakulu pindani mawondo pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Zimenezi amayi amazichita osaganiza, ndipo mukaziphonya anthu amaona msanga kuposa mmene angaonere chiuno.

Ena amandifunsa ngati mankhwala a mahomoni amasintha mayendedwe. Estrogen, homoni yachikazi, amasamutsira mafuta m'ntchafu ndi m'matako pakapita miyezi yambiri, ndipo minofu imachepa mphamvu, koma mafupa a m'chiuno a munthu amene anamaliza kukula satambasuka. Kuyenda mudzaphunzirabe ndi mapazi anu. Ndipo musamwe mapilitsi olera a achemwali anu poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Estrogen wa m'mapilitsi amenewo amawonjezera ngozi ya magazi kuundana m'mitsempha, makamaka kwa osuta fodya. Nkhani imeneyo ndi ya dokotala.

Sindingakuphunzitseni kuyenda osakuuzani za kumene mukuyendako. Gawo 153 la malamulo a milandu m'dziko muno limapereka chilango chofika zaka 14 kundende, ndipo gawo 156 zaka zisanu. Malamulowa amanena za kugonana, makamaka kwa amuna okhaokha, osati za kavalidwe kapena mayendedwe, koma ife amatipeza kudzera m'maonekedwe. Mu 2021 bwalo la milandu la kuno ku Mangochi linagamula mnzathu wina kuti akakhale kundende zaka 8, ndipo nkhaniyo itafika kubwalo loona za malamulo aakulu a dziko, oweruza mu Juni 2024 anasiya malamulowo mmene alili. Ichi n'chifukwa china chimene ndimakanira zodzithyolathyola. Mayendedwe amene ndakufotokozeraniwa ndi a mkazi amene anthu amamudutsa osacheuka. Komanso musataye mayendedwe anu akale. Pali maliro a kumudzi, pali kumzikiti kapena kutchalitchi, pali pa rodibuloko, ndipo mwini thupi ndi amene amadziwa kuti lero ayenda bwanji. Poyamba kutuluka musakhale nokha, pewani madepoti ndi malo omwera mowa usiku, khalani ndi wakabaza mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo valani nsapato zoti mutha kuthamanga nazo. Sungani pamtima nambala ya munthu wa kubungwe loteteza ufulu wa anthu ngati ife, monga CEDEP kapena Nyasa Rainbow Alliance, osati mufoni mokha, chifukwa zikavuta foni ndiyo imayamba kulandidwa.

Poyeserera, mphindi khumi tsiku lililonse zimaposa maola awiri Lamlungu lokha. Sabata yoyamba ikhale ya mapazi ndi mzere basi. Yachiwiri onjezani chitenje, yachitatu beseni, manja pomaliza. Mukasakaniza zonse tsiku limodzi mudzauma thupi lonse. Mudzaona kuti mukatopa, mukakwiya kapena mukamathamangira minibasi, mayendedwe akale amabwerera. Zikatero musalimbane ndi thupi lonse, ingobwezani mapazi pamzere, zinazo zidzatsatira. Akatumba ndi m'mbali mwa matako mudzamva kuwawa masiku oyamba chifukwa minofu ikugwira ntchito yatsopano, ndipo kumeneko kumatha. Koma ululu wobaya m'bondo kapena kumsana ndi chizindikiro chakuti mwayandikizitsa mapazi kapena mwapinda msana mopitirira pofuna kutulutsa mbina. Pumani masiku angapo, mutalikitse mapazi pang'ono, ndipo ukapitirira pitani kuchipatala mukangonena kuti bondo likupweteka.