Revolver yanu yoyamba: zoyenera kudziwa musanaikemo chipolopolo

Revolver, mfuti ya m'manja imene zipolopolo zake zimakhala m'mabowo a chitsulo chozungulira chotchedwa silinda, kawirikawiri ilibe kachitsulo kotsekera kuti isaombe, monga kamapezekera pa mfuti zambiri za pistol. Mukaika zipolopolo n'kutseka silinda, mfutiyo yakonzeka kale, changotsala ndi chala. Ambiri amaikondera zimenezo, amati ndi mfuti yosavuta, ndipo sakunama. Koma dziwani kuti chimene chikanachitidwa ndi kachitsuloko muzichita ndinu, ndi chizolowezi cha manja anu, tsiku lililonse.

Mapepala amayamba, mfuti imabwera pambuyo. Kuno ku Malawi mfuti zimayendera lamulo la Firearms Act la 1967. Pitani kupolisi ya pa boma, pa Dedza kapena pa Ntcheu, mukafunse za chilolezo chogulira. Nkhani zotere zimakathera ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Chiphaso chimakhala cha munthu mmodzi ndi mfuti imodzi, si cha banja, choncho mfuti ya malemu bambo anu musangoitenga pogawana katundu, kanene kupolisi. Nambala yolembedwa pa mfuti, imene imapezeka pansi pa chogwirira kapena pachitsulo chimene chimaonekera mukatsegula silinda, ifanane ndi ya pa chiphaso. Ngati nambalayo yapalidwa, mfutiyo musaikhudze n'komwe, kaya mtengo wake ndi wotsika bwanji. Ife a m'malire tili ndi chinanso chotisamalitsa: msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu mukangodumpha msewu kukagula mbatata mwalowa m'Mozambique, kumene chiphaso chanu sichigwira ntchito.

Posankha, ongoyamba kumene amathamangira kamfuti kakang'ono ka mpope (chitsulo chimene chipolopolo chimadutsamo potuluka) wa mainchesi 2 poganiza kuti kakang'ono n'kofatsa. Ayi ndithu. Kopepuka kamakankha dzanja kwambiri, ndipo poti zolozera zake n'zoyandikana, kuphonya sikuchedwa. Yophunzirira yabwino ndi yachitsulo, ya mpope wa mainchesi 4, ya zipolopolo 6, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Ngati ndi yakale, iyeseni ilibe chipolopolo: kokani hamala, kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya chipolopolo, pang'onopang'ono pa bowo lililonse la silinda. Silinda iyenera kugwira, kumveka kuti khethe, hamala isanafike kumapeto. Ikachedwa kugwira, bowo silikhala moyang'anizana bwino ndi mpope, ndiye poomba tizidutswa ta mtovu timathethekera m'mbali. Yoteroyo isiyeni kwa mwini wake.

Pa zipolopolo m'pamene pamapwetekera anthu ambiri, chifukwa mayina ake amasokoneza. Werengani zolembedwa pa mpope, kenako werengani zolembedwa kumatako kwa chipolopolo, zigwirizane. Chipolopolo cha .38 Special ndi cha .357 Magnum n'zofanana kunenepa, kungoti khoko (chigoba chosunga wonga) la .357 n'lalitali ndi mamilimita opitirira pang'ono 3. Anatalikitsa dala pamene ankachitulutsa mu 1935, kuti chisalowe m'mfuti ya .38 imene singapirire mphamvu yake. Ndiye mfuti ya .357 imaomba zonse ziwiri, pamene ya .38 imaomba .38 basi. Wongoyamba amene ali ndi .357 aphunzirire zipolopolo za .38 Special, zimakankha pang'ono ndipo phokoso lake n'locheperako. Palinso .38 S&W, chimene ndi chipolopolo china, chachifupi ndiponso chonenepa pang'ono. Chimenechi ndiye cha zina mwa mfuti zakale za Angerezi za Webley ndi Enfield, zija zimatseguka mothyoka pakati. Musazisakanize. Zolembedwa +P zili ndi mphamvu yowonjezera, ndipo zimafuna mfuti imene wopanga wake anavomereza kuti ikhoza kuzilandira. Zipolopolo zobiriwira ndi ndere, zophwanyika khoko, kapena zimene simukudziwa kumene zachokera, kaperekeni kupolisi, musaziyese.

Chinthu choyamba kuzolowera ndi kutsegula ndi kuona ngati mfuti ilibe kanthu, ndipo muzichita zimenezi nthawi iliyonse mwaigwira, ngakhale mwaitula nokha mphindi ziwiri zapitazo. Lozetsani mpope kumene kulibe munthu, chala cha mkombaphala chigone m'mbali mwa mfuti, kunja kwa mphete yotchinga trigger, kachitsulo kamene mumakoka ndi chala kuti mfuti iombe. Kabatani kotsegulira kali kumanzere, kumbuyo kwa silinda, koma kagwiridwe kake kamasiyana malinga ndi kampani yopanga mfutiyo: pa Smith & Wesson ndi Taurus mumakakankhira kutsogolo, pa Colt mumakakokera kumbuyo, pa Ruger mumakadinikizira m'kati. Kenako zala ziwiri zapakati za dzanja lamanzere zikankhe silinda kuchokera kumanja kuti itulukire kumanzere. Yang'anani mabowo onse, muwawerenge. Potseka, ikankheni ndi dzanja mpaka igwire. Zija za m'mafilimu zoiponya ndi mkono kuti itsekeke yokha zimapinda kamkono konyamula silinda, ndipo kakapindika mfuti yawonongeka.

Tsopano kagwiridwe, ndipo apa mumvetsetse bwino. Pakati pa silinda ndi mpope pali kampata kakang'ono zedi, kosakwana ngakhale theka la milimita. Mukayang'anitsa mfuti cham'mbali kuli kuwala mukaona. Poomba, mpweya wamoto umatulukira pamenepo mwamphamvu kumbali zonse ziwiri, ndipo wa .357 umatha kung'amba chala mpaka pa fupa. Amene anazolowera pistol amatambasula chala chachikulu cha kumanzere kutsogolo. Pa revolver chizolowezi chimenecho n'choopsa. Dzanja lamanja ligwire chogwirira m'mwamba momwe mungathere, lamanzere likulunge zala za lamanja, zala zazikulu zonse ziwiri zipindike pansi, kumbuyo kwa silinda. Pasakhale chala chilichonse, kapena munthu woima pafupi, molunjika ndi kampatako.

Kuombera kwake kuli pawiri. Mutha kungokoka trigger hamala ili pansi. Pamenepo chala chanu ndicho chikuzunguza silinda ndi kudzutsa hamala, ndiye kukokako n'kolemera, ngati kunyamula jumbo la ufa wa makilogalamu 5 ndi chala chimodzi. Kapena mutha kuyamba mwakoka hamala ndi chala chachikulu, trigger n'kupepuka kufika makilogalamu osakwana 2. Njira yachiwiriyi imakoma, koma ndiyo imene mfuti zambiri zimaombera mwangozi, makamaka munthu akadzidzimuka usiku. Phunzirani yoyamba. Kokani mosadukiza, mosatsomphola, maso ali pa kolozera ka kunsonga kwa mpope. Zipolopolo zikamagwera pansi chakumanzere kwa chimene mwalinga, pamene inu mumagwiritsa dzanja lamanja, vuto si mfuti: mukutsomphola, kapena mukugwetsa mpope poopa kukankha kwake. Mankhwala ake ndi kuyeserera mfuti ilibe kanthu, mphindi 10 patsiku, zipolopolo zili m'chipinda china. Mfuti ya zipolopolo zazing'ono za .22 musamaiyeserere popanda zipolopolo zabodza zoyeserera, chifukwa kamsomali kake komenyera chipolopolo kamamenya m'mphepete mwa bowo n'kuwononga.

Ngati mwakoka hamala ndiye mwasintha maganizo, lozetsani mpope kotetezeka, gwirani hamala zolimba ndi chala chachikulu, kokani trigger, hamala ikangoyamba kutsika chotsani chala pa trigger, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Yesererani zimenezi kambirimbiri mfuti ilibe kanthu.

Malo oombera afunseni kupolisi, ndipo ulendo woyamba mukhale ndi munthu wodziwa. Chipolopolo cha .38 chimatha kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi, ndipo kuno minda ndi midzi n'zoyandikana. Kumbuyo kwa cholinga chanu kukhale chimulu chachitali cha dothi lofewa. Matanthwe amene adzaza m'mapiri a Dedza amanjanjitsa chipolopolo, chimodzimodzinso madzi a padamu. Yambirani pa mamita 5, mutavala magalasi ndi zotseka m'makutu. Thonje silikwanira, ndipo khutu likafa ndi mfuti silichira. Choombera m'mwamba pa chisangalalo chimabwerera pansi, pamutu pa wina. Tsiku la mowa, kaya ndi chipanda chimodzi cha masese, mfuti igone m'bokosi.

Zovuta ziwiri zimafuna kuti chala chiime pompo. Choyamba: mwakoka, hamala yamenya, koma sinalire. Nthawi zina wonga umachedwa kuyaka. Pa revolver zimenezi n'zoopsa mwapadera, chifukwa mukakokanso silinda imazungulira, ndipo chipolopolo chochedwacho chingaphulike chitachoka kale pa mpope. Khalani chilozere kwa masekondi 30, kenako tsegulani muchichotse. Chachiwiri: yalira mofooka, kaphokoso kochepa, osakankha dzanja. Kawirikawiri mutu wa chipolopolo watsakamira mumpope. Mukaomba china pamwamba pake mpope umatupa kapena kuphulika. Tsegulani, chotsani zonse, lowetsani kandodo mumpope kuti muone ngati kakudutsa.

Silinda ikayamba kulimba kapena kukana kutseka, musaikakamize. Nthawi zambiri ndi timibulu ta wonga wosapsa tomwe talowa pansi pa kanyenyezi kotulutsa makoko, kamene kali kumbuyo kwa silinda. Kamodzi kokha n'kokwanira kuimitsa mfuti. Dinikizani kandodo kotulutsira kamene kali kutsogolo kwa silinda, pukutani pansi pa kanyenyeziko ndi mswachi wakale, pakhale pouma. Kuti zisamachitike, potulutsa makoko lozetsani mpope m'mwamba n'kumenya kandodoko kamodzi mwamphamvu, zinyalala zigwere pansi pamodzi ndi makoko. Onaninso ngati kandodo komweko sikanamasuke, poti kakamasuka silinda imakana kutseguka. Amene mumaomba .38 m'mfuti ya .357, m'mabowo mumatsala mkombero wa mwaye pamene pathera khoko lalifupi, ndipo mukapanda kuupala, cha .357 chidzakana kulowa kapena kutuluka.

Potsuka, lowetsani burashi ya mkuwa yonyowetsa ndi mankhwala otsukira mfuti mumpope maulendo 8 kapena 10, mosamala kuti ndodo isakhule pakamwa pa mpope, kenako m'bowo lililonse, n'kumaliza ndi tinsalu mpaka katuluke koyera. Mafuta ndi dontho limodzi pamene pamazungulira silinda, ndi nsalu yopaka pang'ono yopukutira kunja. M'mabowo muzisiya mouma, chifukwa mafuta akalowerera m'chipolopolo amapha wonga. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kumata ngati ulimbo. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanadye, mtovu ndi poizoni. Nkhungu ya mwezi wa June ndi July komanso chinyezi cha dzinja zimabweretsa dzimbiri msanga kuno kumapiri, ndiye ngakhale simunaombe, ipukuteni kamodzi pamwezi, ndipo musaisunge m'chikwama chake chachikopa, chimasunga chinyontho.

Isungeni yopanda zipolopolo, m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi ndi mabawuti kuti wakuba asalinyamule lonse. Zipolopolo zikhale pena, pokhomanso. Kiyi akhale pathupi panu, osati pansi pa pilo kapena pamwamba pa kabati, poti ana amadziwa malo onsewo, ndipo mwana amene sangathe kukoka trigger ndi chala chimodzi amaikoka ndi zala zazikulu ziwiri mpope utaloza kwa iye mwini. Pakhomo pakakhala mikangano yoopsa, kapena wina akamalankhula zofuna kudzichotsera moyo, mfuti ichoke panyumbapo tsiku lomwelo. Kambiranani ndi apolisi za kokaisungitsa. Ikabedwa kapena kusowa, kanene kupolisi nthawi yomweyo, mutatenga chiphaso chokhala ndi nambala yake.