Mmene tinasiyanirana bwinobwino ndi anti olera mwana

Mwana atayamba sukulu ya mkaka zinaoneka kuti anti ntchito yawathera, koma kungowauza kuti mawa musabwerenso ayi ndithu, munthu wakulelerani mwana zaka 3 simungamutaye choncho. Ndinakafunsa ku ofesi ya leba, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limakhudzanso antchito a pakhomo, ambirife timangoganiza kuti ndi za m'makampani basi. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi kapena ndalama yake, ndiye severance, ndalama imene munthu amapatsidwa ntchito ikamuthera, ndi malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse chimene wagwira ngati sanapitirire zaka 5, kuphatikiza masiku a tchuthi amene sanapume.

Tinakhala nawo pansi mwana atagona, ndinawerengera zonse papepala iwo akuona, tonse tinasaina ndipo ndalama ndinatumiza pafoni kuti pakhale umboni. Kalata yosonyeza kuti anagwira kwathu ndinawalemberanso, kenako ndinafunsafunsa pa gulupu ya WhatsApp ya amayi a kutchalitchi, banja lina la ku Area 25 linawatenga notisi isanathe nkomwe. Chovuta chinali mwanayo, ankalira kufuna anti, ndiye Loweruka lina amabwera kudzamuona, thiransipoti timawapatsa.